Kwa a Madamu amene mwana wa m'yuniti mwawo wamwalira pa holide

A Madamu, pepani kwambiri. Ndawerenga zimene mwalemba, kuti mtsikana wa m'yuniti mwanu (kalasi yapadera ya ana aulumali), amene ankadwala khunyu ndiponso anabadwa ndi vuto la kuuma kwa manja ndi miyendo, wamwalira kumudzi pa holide ya mu Ogasiti, ndipo inu mwamva sukulu itatsegulidwa, maliro ataikidwa kale. Mukufunsa ngati kulira kwanu kukupyola muyeso, popeza anzanu ku sitafu akuti sanali mwana wanu, ndiponso ngati ndi bwino kupempha kuti akuchotseni ku yuniti mukaphunzitse makalasi wamba. Ndakhalitsa pa ntchito yophunzitsa ana aulumali kuno ku Chipata ndipo ena mwa iwo ndinawaperekeza kumanda, choncho ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Kulira kwanu kuli m'malo mwake. Amene akuti sanali mwana wanu sadziwa mmene ntchito yathu imayendera. Mphunzitsi wa kalasi wamba, makamaka kuyambira 2022 pamene maphunziro anakhala aulere makalasi n'kudzaza, amakhala ndi ana ochuluka, chaka chikatha n'kuwapereka kwa mnzake. Ife mwana mmodzimodziyo timakhala naye zaka, nthawi zina kuyambira ali wamng'ono mpaka atatha msinkhu. Timamudyetsa phala, timamupukuta dovu, timamunyamula popita kuchimbudzi, akadziipitsira timamusintha. Akagwa khunyu ndife timakankha madesiki, kumugoneka chammbali, kuyang'ana wotchi kuti zisapitirire mphindi 5, kenako kukhala naye mpaka atatsitsimuka. Ntchito zimenezi m'mudzi amagwira ndi mayi kapena agogo. Munthu sangazigwire tsiku ndi tsiku mtima n'kukhala kutali.

Palinso china chozama kuposa apa. Ana athu ambiri salankhula monga anzawo, ndipo pamapita miyezi kuti udziwe kuti uyu akatembenuzira mutu kukhomo ndiye kuti akufuna madzi, uyo akayamba kudziluma dzanja ndiye kuti phokoso lamuchulukira. Ukangodziwa, umasanduka pakamwa pa mwanayo. Kwa ana osamva nkhaniyi ndi yaikulu zedi, chifukwa pa ana 100 alionse osamva, oposa 90 amabadwa kwa makolo akumva, ndipo m'midzi mwathu ndi makolo ochepa amene anapezapo mwayi wophunzira chinenero chamanja. Mwana wotero akabwerera kusukulu amafika ndi nkhani za mwezi wathunthu zimene analibe wozifotokozera, ndipo woyamba kuzimva ndi mphunzitsi. Kuno kum'mawa si zachilendo zimenezi. Sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko muno inayambira ku Magwero mu 1905, pa mishoni ya Dutch Reformed, woyambitsa wake ali Issie Hofmeyr, ndipo chiyambire nthawi imeneyo pakhala aphunzitsi amene akulera ana a eni kutali ndi kwawo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine sindimvetsa chifukwa chake mawuwa timawaiwala mwanayo akakhala wolumala.

Mawu amene amandipweteka kwambiri ndi akuti "wapumula", kapena kuuza mayi wake kuti "nanunso mwapumula". Onena amakhala akufuna kutonthoza, koma chimene wofedwa amamva n'chakuti moyo wa mwanayo unali mtolo chabe. Inu mukudziwa kuti si choncho. Mukudziwa chimene chinkamuseketsa, mnzake amene ankamukonda, tsiku limene anagwira pensulo yekha. Katswiri wina wa ku America, Kenneth Doka, anafotokoza mu 1989 kuti chisoni chimene anthu okuzungulira sachivomereza chimalemera mwapadera, chifukwa wolirayo amasowa polirira. Pamaliro athu aliyense ali ndi pake: akuchikazi, akuchimuna, adzukulu, ampingo, amfumu. Mphunzitsi alibe mphasa yake, ndipo inu ngakhale uthenga sunakupezeni. N'chifukwa chake zikukuvutani kuti zitsike.

Mwalembanso kuti mukudzifunsa ngati panali chimene munaphonya asanatseke sukulu. Funso limenelo limabwera kwa aliyense wa ife, ndipo limakonda kubwera usiku. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limanena kuti anthu odwala khunyu ali pa chiopsezo chomwalira msanga mpaka kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ena. Pali imfa yadzidzidzi imene imagwera odwala khunyu, kawirikawiri usiku ali m'tulo, ndipo imachitika ngakhale m'mayiko amene zipatala zili pakhomo. Pali kugwera pamoto, kugwera m'madzi, malungo amene amautsa kugwa. Ana amene ali ndi vuto la kuuma kwa ziwalo ambiri amavutika kumeza, chakudya n'kumalowera kumapapo, chibayo n'kuwatenga m'masiku ochepa. Ana a Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula ndi kuphunzira, pafupifupi theka amabadwa ndi vuto la mtima. Ndikutchula izi kuti muone kuti ana amene timaphunzitsa matupi awo amalimbana ndi zambiri zimene mphunzitsi sangaziletse, makamaka ali kutali pa holide. Mlandu musadziike. Musauikenso pa mayi wake musanamve mmene zinayendera.

Tsopano chimene ndikufuna kukulimbikitsani koposa: pitani mukapepese. Zoti maliro anaikidwa kale zisakugwetseni mphwayi, kupepesa sikuchedwa. Musapite nokha. Pemphani ahedi akupatseni tsiku, mutenge mphunzitsi mnzanu kapena kholo lina la pa PTA, ndipo mutumize uthenga kaye kuti mukubwera. Valani chitenje, tengani chipepeso chimene mungathe, kaya ndi shuga, ufa kapena kandalama kamene mwasonkha ku sitafu. Mukafika khalani pansi ndi amayi, mulire nawo ngati misozi yabwera, ndipo muwasiye afotokoze okha mmene mwana anadwalira. Osafunsa ngati wapolisi kuti mankhwala ankamwa kodi, munapita naye liti kuchipatala. Pakatuluka nkhani zoti wina anamulodza, musalowerepo, mwapitira kulira.

Chimene inu mungapereke, chimene wina aliyense pamudzipo alibe, ndi mbali ya mwanayo imene ankaionetsa kusukulu kokha. Tengani makope ake, zimene anajambula, pepala limene anayesa kulembapo dzina lake. Auzeni amayi ake kuti ankakonda kukhala pafupi ndi zenera, kuti anzake ankalimbirana kumukankha pa njinga yake, kuti nyimbo yakuti ikayamba ankagwedeza mutu. Mayi wa mwana wolumala amakhala atamva zonyoza kwa zaka: kuti anachimwa, kuti n'zakumtundu kwawo, kuti akutaya nthawi kumupereka kusukulu. Ena bambo anathawa kalekale. Ndiye pabwere munthu wophunzira, wa boma, n'kunena pamaso pa abale kuti mwana wanuyu anali wophunzira wathu ndipo tikumusowa. Ine ndaonapo nkhope za amayi zikusintha pa mawu amenewa. Komanso kumbukirani kuti mayiyo tsiku lake lonse linkazungulira pa mwanayo, kumusambitsa, kumubereka, kumudyetsa, ndipo tsopano manja ali lende. Mukatha kubwereranso patapita miyezi, anthu onse atabalalika, ulendo wachiwiriwo umatonthoza kuposa woyamba. Akalola, pemphani akuonetseni manda. Ambiri a ife mtima umavomereza tikaona mtumbira.

Chithunzi cha mwanayo musachiike pa Facebook kapena pa WhatsApp makolo asanavomere, ngakhale muli ndi cholinga chabwino.

Ana otsala m'yunitimo nawonso afedwa, ndipo kawirikawiri palibe amene amawauza. Akuluakulu amaganiza kuti sakuzindikira kanthu. Amazindikira. Amaona mpando uli wopanda munthu, amaona maso anu ofiira, ndipo popanda wowafotokozera amadzipangira okha mayankho oopsa kuposa zoona. Yambani mwadziwitsa makolo awo kuti mukufuna kulankhula nawo, chifukwa mabanja ena sakonda kuti ana amve za imfa, kenako auzeni anawo m'mawu osazungulira. Mwambo wathu umakonda kuti "watisiya", "wagona", "wapita", koma mwana amene nzeru zake zimagwira pang'onopang'ono amamva mawu monga mmene alili. Mukati wagona, ayamba kuopa tulo. Mukati wapita, azidikira pakhomo. Mukati Mulungu wamutenga chifukwa anali mwana wabwino, wina aganiza kuti kukhala wabwino n'koopsa. Nenani kuti wamwalira, thupi lake lasiya kugwira ntchito, sakumva kupweteka, sadzabweranso kusukulu, ndipo palibe mwana m'kalasi muno amene wachititsa. Za chikhulupiriro mutha kuwonjezera pambuyo pake, mogwirizana ndi zimene makolo awo amawaphunzitsa. Kwa osamva fotokozani ndi manja, pogwiritsa ntchito dzina lake lamanja ndi chithunzi chake. Kwa osaona, aloleni agwire chinthu chimene chinali chake.

Adzafunsa funso lomwelo mawa, mkuja, ndi mwezi wamawa. Yankhani chimodzimodzi nthawi zonse, osatopa. Ena sadzafunsa n'komwe, koma mudzaona wina wayambanso kukodza m'zovala, wina akumenya anzake, wina akukana chakudya, wina wakukakamirani chitenje osafuna kuti mutuluke. Chimenecho ndicho chisoni chawo, musachilange. Ndondomeko ya tsiku isasinthe, nthawi ya phala ikhale yomweyo, nyimbo ya m'mawa ikhale yomweyo, makamaka kwa ana a autism, vuto lovutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena, amene kusintha kulikonse kumawasokoneza. Mpando wake musauchotse mobisa usiku. Usiyeni kwa kanthawi, kenako muuchotse pamodzi ndi anawo. Ndipo mukagwetsa msozi pamaso pawo palibe cholakwika, ingowauzani kuti ndikulira chifukwa ndamusowa mnzathu.

Ngati m'kalasimo muli wina wodwala khunyu, khalani naye padera. Iye ndi mayi wake ali ndi mantha amene sanena. Auzeni zoona, kuti WHO imati odwala khunyu mpaka 70 pa 100 alionse angathe kukhala osagwa akamalandira mankhwala oyenera mosadukiza, ndi kuti choopsa ndi kusiya mankhwala mwadzidzidzi. Ife tinazolowera kuti sabata yotsekera sukulu tizifunsa kholo lililonse ngati mankhwala akwanira mpaka potsegulira, ndi kukumbutsa kuti mwana asakhale yekha pamoto, pachitsime kapena kudambo. Ndi mpata wabwinonso wobwereza kwa sukulu yonse kuti khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi kukhudzana, ndi kuti munthu akagwa osamuika supuni kapena chala m'kamwa.

Za inu mwini. Masabata oyamba kusowa tulo, kusafuna chakudya, kuiwalaiwala, kapena kutchula dzina lake poitana rejista, zonsezi zimachitika. Pezani munthu mmodzi amene mungamuuze za mwanayo popanda kukudulani pakamwa, kaya ndi mphunzitsi wa guidance, mnzanu wa yuniti ina, amayi a chigwirizano kapena a kumphakati. Koma miyezi ikamapita zinthu osapepuka, mukulephera kudzuka kupita kuntchito, mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone, kapena maganizo odzipweteka akubwera, musadikire. Pitani kuchipatala, ku Chipata Central Hospital kuli othandiza pa za maganizo, ndipo nambala ya 933 ya Lifeline, bungwe lopereka uphungu pa foni, ndi yaulere. Ya ana ndi 116.

Ena akulangizani kuti muphunzire kusakonda ana kwambiri. Ine sindikuvomereza. Mwana wosalankhula saphunzira kwa munthu amene sakumukhulupirira, ndipo amadziwa msanga amene akumugwira ndi manja okha. Chimene chimathandiza ndi kugawana: mwana aliyense azoloweranenso ndi mphunzitsi wina kapena wothandizira, zimene mukudziwa za iye zilembedwe mu IEP yake, chikalata cha ndondomeko ya maphunziro a mwanayo payekha, ndipo makolo aziphunzitsidwa zizindikiro zimene mwatulukira. Zikatero simusenza nokha, ndipo mwanayo sasowa womumva inu mukachoka. Izi zimathandizanso pa kutayana kwina kumene sitikutchula kawirikawiri, pamene mwana wangosiya kubwera chifukwa banja lasamukira ku Lundazi kapena ku Petauke, kapena wakula moti mayi sangathenso kumubereka mpaka kusukulu. Kumenekonso kumapweteka, ndipo kulibe maliro.

Za kupempha kuchoka ku yuniti, musalembe kalata temu ino. Aphunzitsi amene anaphunzira ntchitoyi ku ZAMISE, koleji ya aphunzitsi a ana aulumali, kapena ku UNZA, Yunivesite ya Zambia, ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene akuwafuna, koma si chifukwa chake ndikukuletsani, pakuti simuli ndi ngongole kwa aliyense. Chifukwa changa n'chakuti maganizo a munthu amene wangofedwa amasintha, ndipo ana otsalawo kutaya mnzawo ndi mphunzitsi wawo nthawi imodzi kungawalemere. Temu ikatha mukaona kuti mtima sukulolabe, pemphani, ndipo pasapezeke wokunenani.

Kwa ahedi amene mukuwerenga izi, ndikupempha zinthu zosafuna bajeti. Mwana wa ku yuniti akamwalira, lengezani pa asembule monga mmene mumachitira ndi mwana wina aliyense, tumizani nthumwi kumaliro, ndipo mphunzitsi wake mupatseni tsiku ndi womuperekeza. Potseka sukulu, makolo a ana a ku yuniti apatsidwe nambala ya foni ya sukulu imene imayankhidwa ngakhale pa holide.