Amene amalemba malangizo a matenda a impso

Achemwali a ku Santhe, pepani ndi matenda a bambo. Mwati achipatala anawasinthira mankhwala a BP n'kunena kuti malangizo a impso asintha, ndiye mukufunsa kuti amalemba ndani, komanso ngati sakungoyesera pa anthu.

Si maganizo a dokotala mmodzi ayi. Pa za impso ambiri amatsata bungwe la pa dziko lonse la KDIGO, lomwe linayamba mu 2003. Limasonkhanitsa akatswiri a impso, anamwino ngakhalenso odwala, ndipo aliyense amaulula ngati amalandira ndalama ku kampani ya mankhwala. Gulu lina lapadera limasanthula kafukufuku yense wokhudza funsolo n'kumuika m'magiredi, monga timachitira ndi fodya m'shedi: A ndi umboni wolimba, D wofooka. Langizo lolembedwa 1 ndiye kuti chitani, 2 ndiye kuti ganizirani malinga ndi wodwalayo. Asanasindikize amayamba atulutsa poyera kuti ena atsutse.

Mu 2021 anati BP ya pamwamba ya odwala impso itsike kusafika 120, potsamira kafukufuku wa SPRINT wa ku America. Koma anaika 2B, ndipo nambalayo ndi ya munthu woyezedwa atakhala pansi n'kupuma kaye, osati wongotsika kumene pa kabaza. Pamene mankhwala monga dapagliflozin, kwa wodwala shuga ndi impso pamodzi, anawaika 1A.

Kwathu kuno Unduna wa Zaumoyo uli ndi buku lake, Malawi Standard Treatment Guidelines, loganizira mankhwala amene tingawapeze.

Chimene chimandiwawa n'chakuti umboni wambiri suchokera kwa anthu athu. Kafukufuku wa mu 2022 wa ku Malawi, Uganda ndi South Africa anapeza kuti kuwerengera mphamvu ya impso kochokera pa creatinine, zinyalala za m'magazi zimene impso zimachotsa, kumaonetsa impso zathu ngati zili bwino kuposa mmene zilili. Munthu akhoza kuchedwa kudziwika, chikhalirecho kwa ife a Kasungu dialysis, kutsuka magazi ndi makina, ndi ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Choncho bambo asasiye mankhwala atsopanowo. Pobwerera kuchipatala mutenge buku lawo la kuchipatala, mupemphe kuti ayezedwenso mkodzo, ndipo mufunse chifukwa chenicheni chimene anawasinthira. Bufeni ndi indosidi wogula pagolosale awaleke kaye, amavulaza impso zodwala.