Akuti alendo achepa, koma bwanji achotse ineyo? Yankho kwa mayi wa ku Senga Bay

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay, dzina sinditchula. Agwira ntchito zaka 8 pa loji ina kumeneko, kuyala mabedi, kuchapa, kukolopa m'zipinda za alendo. Mwezi uno anawaitana mu ofesi nkuwauza kuti alendo achepa ndiye akuchepetsa anthu, iwo ali m'gulu la anayi ochotsedwa. Chikuwawawa kwambiri nchoti angobwera kumene kutchuthi cha uchembere, pomwe mtsikana amene analowa ntchito chaka chatha, mphwake wa manijala, sanamukhudze. Funso lawo ndi loti, ndingadandaule kuti, kapena ndingolandira kandalamako nkumapita?

Mayi, pepani kwambiri. Zaka 8 si masewera, ndiye ndi khanda m'manja.

Ndiyambe ndi chomwe mwina simungakonde kumva. Lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, limalola bwana kuchotsa anthu ngati bizinesi yavutadi, ndipo tonse tikuona kuti nthawi zina kunyanja kumakhala zii, mipando ili gadagada pamchenga popanda okhalapo. Ndiye mukapita kukalimbana zoti alendo achepa kapena sanachepe mutopa pachabe. Nkhani yanu yagona pa funso limodzi basi, anasankha bwanji kuti achoke ndinuyo? Ndipo apa pali mphamvu yanu chifukwa lamulo lomwelo, ndime 61, limati nkhani ikafika poweruza ndi bwana amene ayenera kusonyeza chifukwa chomveka chokuchotserani komanso kuti anachita mwachilungamo. Si inu ofunika kubweretsa umboni woti ndinu osalakwa ayi.

Ndiye mawa lomwe lembani kalata yaifupi, yaulemu, osatukwana, kufunsa kuti anagwiritsa ntchito njira yanji posankha anthu anayiwo, kodi anayang'ana zaka zomwe munthu wagwira, kapena kagwiridwe ka ntchito, kapena kujomba, ndipo anakhala pansi liti ndi antchito kukambirana asanatulutse mayina. Muchititse fotokope, ina muwapatse ina asayine kuti alandira musunge. Akakana kusayina jambulani pafoni mutumize pa WhatsApp ya manijala, tsiku lizioneka. Bwana amene anasankha mwachilungamo sachita mantha ndi kalata ngati imeneyi, amayankha. Amene anasankha pofuna kuteteza m'bale wake amayamba kuzungulira, ndipo kuzungulirako nako nkothandiza mukakafika kutsogolo.

Za uchemberezo musazitenge mopepuka. Lamulo limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere akulandira malipiro onse, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha pakati kapena chilichonse chokhudzana ndi pakatipo nkoletsedwa. Ngati pali amene ananenapo mawu ngati oti "inu mwayamba kuvuta ndi zamwanazi", lembani mu kope tsiku, malo ndi amene analipo, mukadakumbukira bwino. Masiku amene munali kutchuthi akawawerenga ngati kujomba pokusankhani, pamenepo alakwa poyera.

Chomwe chimandipweteka ine ndi pepala limene amakupatsani kuti musayine polandira ndalama zomaliza. Malume anga anachotsedwa ntchito pa kampani ina kuno ku Salima, ndinawaperekeza ndine, ndipo ndinaona envulopu ya ndalama ili patebulo, pambali pake pepala la Chingerezi, cholembera chili kale m'manja mwawo, kalaliki akuti sayinani msanga galimoto ikunyamuka. Anasayina osawerenga, kenako tinazadziwa kuti munalembedwa zoti alandira zonse ndipo sadzadandaulanso. Mayi musasayine chinthu chomwe simunachimvetse. Pemphani mupite nalo kunyumba wina akuwerengereni, akakakamiza lembani pamwamba pa siginecha yanu kuti mwalandira ndalama koma simukugwirizana ndi kachotsedwe kanu.

Ndalamazonso muziwerengere nokha. Ngati mumalandira pamwezi, notisi ndi mwezi umodzi kapena ndalama ya mweziwo. Pali masiku a holide amene simunapite. Ndiye pali severance, ndalama imene amakupatsani akakuchotsani ntchito chotere, imene amawerengera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11. Inu zaka 8 ndiye kuti masabata 10 kuphatikiza 9, onse 19. Penshoni ndi yapadera, asakusokonezeni kuti severance ili momwemo. Mufunsenso kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo, mudzaifuna pofunsira kwina.

Tsopano kokadandaula. Pitani ku ofesi ya leba paboma la Salima, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere, muli ndi miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani. Anthu ambiri amaluza apa, bwana amawauza kuti dikirani sizoni ikayamba tikuitanani, munthu nkumadikira ndi chikhulupiriro mpaka nthawi kutha. A leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti mugwirizane, zikakanika nkhani imapita ku khothi la milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, kwa ife kuno yapafupi ndi ya ku Lilongwe. Khothi limeneli lingalamule kuti mubwerere pantchito kapena akupatseni chipukuta misozi. Ngati muli mu yuniyoni auzeni lero lomwe, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse loya.

Sindikunamizani kuti zikhala zachangu, milandu ya ntchito imatha kukoka ndipo thiransipoti ya ku Lilongwe nayo ndi ndalama. Nchifukwa chake ndikuti afunseni anzanu atatu aja, mwina nawonso ali ndi mafunso omwewo, mukapita limodzi ku leba mawu anu amalemera komanso mumagawana zolipira. Popita mutenge kalata yolembedwera ntchito, mapeyisilipi amene muli nawo, kalata yokuchotsani, ndi buku la kusikelo la mwana chifukwa muli tsiku lomwe anabadwa.