Achemwali, musachotse chikondicho m'buku lanu

Mtsikana wina wa ku Blantyre wanditumizira imelo. Akulemba buku lopeka la nthawi ya chipani chimodzi, ndiye mnzake wamuuza kuti kuikamo anthu awiri okondana n'kupeputsa mazunzo amene anthu anaona. Akufunsa ngati achotse chikondicho.

Achemwali, nditawerenga funso lanu maganizo anga anathamangira kwa azakhali anga.

Iwo anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Rumphi amene ankaphunzitsa pulayimale kwathu ku Dedza. Mu 1989 boma la Kamuzu linalamula kuti aphunzitsi azikagwira ntchito kuchigawo cha kwawo. Ine ndinali mwana, koma lole ija ndimaionabe itaima pakhomo, matiresi atamangidwa ndi luzi, azakhali ndi amuna awo akukangana za mbale. Za mbale! Akuti ndani atenge zadothi, ndani atsale ndi zachitsulo. Pano ndi pamene ndimamvetsa kuti zimene zinkawawawa zenizeni sakanazitchula, chifukwa tcheyamani wa nthambi ya chipani anali chiimire pansi pa mtengo wa mango, manja ali kumbuyo.

Azakhali sanakwere nawo. Kwathu n'kwa chikamwini, ndipo eni mbumba anakana kuti ana apite kumpoto.

Bambo amene uja sindinawamvepo akuyankhula Chitumbuka masana. Chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968, ndipo iwo anaphunzira kuchisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Azakhali ankati ankachiyankhula kutulo basi. Atapita, makalata awo ankangokamba za mvula ndi ziweto, poti aliyense ankakhulupirira kuti makalata amatsegulidwa. Ankafunsa kuti, kodi mbuzi yaikazi ija ikudya bwino? Ife panyumba tinalibe mbuzi.

Ndiye wina andiuze kuti chikondi chimapeputsa nkhani? Mnzanuyo walakwitsa, ndipo sindinyengerera. Boma lankhanza silithera pa chipata cha ndende, limalowa mpaka kuchipinda. Limakusankhira wokwatirana naye, chiyankhulo chonong'onera, ngakhale utali wa siketi, monga linachitira lamulo la kavalidwe la 1973.

Pali china chimene chimandinyansa m'nkhani zimene achinyamata amanditumizira: aliyense m'menemo ndi ngwazi yolimba mtima, aliyense akutukwana boma pamsika. Ayi ndithu. Olimba mtima analipo. A Mboni za Yehova anakana khadi la chipani, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique m'chigulu. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Koma ambirife tinkagula khadi kuti a Youth League, achinyamata a chipani, atilole kulowa mumsika kapena kukwera basi. Mayi anga ankavina gule wa mbumba, chitenje cha nkhope ya Kamuzu chili m'chiuno, kenako n'kubwera kudzalira kuseri kwa nkhokwe. Ife kusukulu tinkaloweza pamtima ngodya zinayi: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera, Kusunga Mwambo. Mpaka lero ndimatha kuzitchula osaphonya, ndipo zimandichititsa manyazi pang'ono.

Tsono muchite bwanji?

Asiyeni akondane, koma asanene poyera. Apatseni kanthu kakang'ono kokanganirana. Mmodzi wa iwo achite chinthu chochititsa manyazi kuti apulumuke, ndipo inu musamuweruze. Mukafunsenso agogo anu mafunso a zinthu wamba: khadi ankalisunga pati, wailesi ankaitsitsa nthawi yanji.

Mphunzitsi uja anabwera kudzaona ana itatha referendamu ya pa 14 Juni 1993, imene Amalawi anasankha zipani zambiri. Anali atakwatira kale mkazi wina ku Rumphi. Azakhali anawaphikira nkhuku, anawapatsira m'mbale yadothi imodzi imene inatsala ija, ndipo akusamba m'manja anawauza kuti mbuzi ija ikudyabe.