Funsani Azakhali: Masiku asanu okha, ndipo amayi akufuna mzinda wa pamadzi

Azakhali,

Ndine mnyamata wa ku Dzivarasekwa kuno ku Harare. Mlongo wanga ndi namwino mumzinda wa Padova ku Italy, ndipo waitana ine ndi amayi kuti tikamuone mu Okutobala. Ku ntchito amupatsa masiku asanu opuma. Ine ndakonza kuti tikayambire ku Rome, kenako Florence ndi Pisa, n'kudzamalizira ku Venice tsiku lomaliza. Ndalama ya ndege ndi viza tasonkha movutikira, choncho ndikufuna amayi akaone zambiri. Koma iwo ali ndi zaka 68, maondo amawavuta, ndipo akungoti akufuna kukaona Venice, mzinda wa pamadzi uja, basi. Ndichite bwanji?

Mwana wa ku Dzivarasekwa

Mwana wanga,

Amayi ako anena kale zimene akufuna, ndipo akunena zoona. Sitima yothamanga kuchoka ku Padova kukafika ku Rome imatenga maola opitirira atatu. Ukaphatikiza Florence ndi Pisa, masiku anuwo adzathera m'masiteshoni, iwe ukukoka masutikesi, amayi akufunafuna pokhala. Pomwe ku Venice kuchokera kwa mlongo wako ndi ulendo wa theka la ola. Pitani kumeneko ndipo mukagone konko mausiku atatu kapena anayi.

Ndikulimbikira za kugonako chifukwa masana mzindawu umadzaza ndi alendo a tsiku limodzi, mwakuti mu 2024 akuluakulu a mzinda anayamba kuwalipiritsa mayuro 5 pa masiku ena otanganidwa. Amatsika pa siteshoni ya Santa Lucia, kukankhana mpaka pa mlatho wa Rialto, kujambula pa bwalo la San Marco, madzulo n'kubwerera. Akafika kwawo amati Venice ndi wodula komanso wothinana, ndipo sanama, chifukwa ndi zokhazo zimene anaona.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi m'mawa. Mumzinda wakalewo mulibe galimoto ngakhale njinga, kotero chilichonse chimabwera pa boti. Ndinkaima m'mbali mwa ngalande dzuwa likungotuluka n'kumaonerera bambo akutsitsa makatoni a tomato ndi mabotolo a madzi, mnzake akuwalandira pakhomo la golosale. Otola zinyalala amadutsa ndi tingolo tawo akuliza mabelu a m'makomo, kenako boti lawo limanyamula kangoloko m'mwamba n'kukhuthula. Ambulansi ndi boti. Maliro nawonso amawoloka pa boti kupita ku chilumba cha San Michele komwe kuli manda. Zimenezi sulipira kuti uzione, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi zimene amayi adzafotokozere anzawo kutchalitchi.

Tsopano za maondo, chifukwa apa m'pofunika kusamala. Venice ali pa tizilumba pafupifupi 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, ndipo yambiri mwa iyo ndi ya masitepe, kukwera kenako kutsika. Pofuna malo ogona usayang'ane mtengo wokha. Funsa kuti pali milatho ingati kuchokera pokwerera boti, ndiponso ngati nyumbayo ili ndi chikepe chokwerera m'zipinda za m'mwamba, popeza zambiri ndi zakale ndipo zilibe. Dera la Cannaregio, kufupi ndi siteshoni, ndi labwino pa zimenezi. Masutikesi aakulu muwasiye ku Padova.

Choyendera chanu chidzakhala vaporetto, basi ya pamadzi. Tikiti ya ulendo umodzi ndi yodula, yaposa mayuro 9, choncho gulani ya masiku atatu n'kumakwera momwe mungafunire. Nambala 1 imayenda pang'onopang'ono mu Canal Grande, ngalande yaikulu ya makilomita pafupifupi 4 yokhotakhota pakati pa mzinda, ikuima paliponse. Apezereni amayi mpando wa panja, nyumba zachifumu zizidutsa zokha iwo ali chikhalire. Mudzakwerenso usiku nyale zitayaka. Gondola ija ya m'zithunzi ndi mayuro 90 kwa theka la ola, ndipo sindikukuletsa ngati mlongo wako akufuna kuwasangalatsa. Koma palinso traghetto, gondola yongowolotsa anthu tsidya lina, ya mayuro 2. Imagwedezeka pokwera, ndiye muwagwire dzanja.

Tsiku lina mudzalawire ku msika wa Rialto, koma osati Lamulungu kapena Lolemba chifukwa ogulitsa nsomba satsegula. Nsomba zimayalidwa pa ayezi, zina zakuda bii ndi inki yake yomwe, ndipo agogo a komweko amabwera ndi tizikwama ta matayala n'kumasankha mosafulumira. Pa nkhani ya chakudya usade nkhawa. Anthu a kumeneko amadya polenta, ya ufa wa chimanga, kawirikawiri woyera, yofanana ndi nsima yofewa. Aitanitsireni ndi nsomba. Mulawenso sarde in saor, tinsomba tokazinga toviikidwa mu anyezi ndi viniga. M'timabala totchedwa bacari amagulitsa cicchetti, tizakudya ting'onoting'ono ta pa buledi, ndipo tingapo timakwana nkhomaliro. Khofi womwera chiimire pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pa tebulo, makamaka pa San Marco pomwe umalipiriranso oimba. Madzi mudzatunge pa mipope ya m'mabwalo, ndi akumwa.

Masana muzipuma. Dzuwa likapendeka pezani benchi pa Campo Santa Margherita kapena chakumapeto kwa Via Garibaldi ku Castello, komwe zovala zimayanikidwa pa zingwe zodutsa pamwamba pa njira ndipo ana akaweruka amamenya mpira pakhoma. Mukakhala pamenepo kumbukirani kuti muli pakhomo pa eni. Mu 1951 mumzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000, koma mu 2022 anatsika kufika pansi pa 50,000. Nyumba zambiri zinasanduka zogona alendo ndipo lendi inakwera. Zimandipweteka ndithu, ndiye ndikupempha kuti musatseke njira pojambula ndiponso musakhale pa masitepe a mlatho n'kumadya, zomwe amalipiritsanso chindapusa.

Okutobala ndi nthawi yomwe nyanja imayamba kusefukira, iwo amati acqua alta. Mu Novembala 2019 madzi anakwera masentimita 187 n'kuwononga zambiri. Kuyambira 2020 pali zitseko zikuluzikulu za MOSE zomwe zimatchinga nyanja ikakwera kwambiri, komabe San Marco ndi wotsika ndipo amanyowa. Zikatero amayala mabenchi oyendapo, ndipo pakapita maola ochepa madzi amaphwa. Amayi asakwere mabenchiwo, mungodikira.

Ngati mphamvu zilipo, tsiku limodzi mukwere vaporetto nambala 12 pa Fondamente Nove kupita ku chilumba cha Burano, ulendo wa mphindi pafupifupi 45. Nyumba zake n'zopakidwa mitundu yowala, ndipo amayi a kumeneko amadziwika ndi luso losoka leisi ndi singano. Ngati amayi ako amaluka madoili, mudzavutika kuwachotsako.

Rome udzapita chaka china ndi miyendo yakoyo. Lero lomwe muimbire mlongo wako ayambe kufuna malo ogona, chifukwa zipinda zosavuta kufikako zimatha msanga, ndipo amayi uwagulire nsapato zafulati zosaterera, ayambe kuzivala panopa kuti zifewe.

Azakhali