Msilikali wa zachipatala naye amafika komwe kukulira mfuti

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa zaka 20, poti amuika ku gulu la zachipatala, azikhala kutali ndi zipolopolo nkhondo ikabuka. Ndisakunamizeni, zimatengera komwe amutumiza. Ena amagwiradi ntchito m'zipatala za kumbuyo, koma ambiri amayendera limodzi ndi omenya nkhondo, chikwama cha mabandeji chili kumsana.

Nkhani yagona pa magazi. Chipolopolo chikadula mtsempha waukulu wa m'ntchafu, munthu amatsirizika m'mphindi zochepa, dokotala asanamve n'komwe. Ndiye mnyamata ngati wanuyo amakwawa chafufumimba mpaka pomwe pagwera mnzake, n'kumanga mwendo ndi lamba uja amati tourniquet, kumupotokola mpaka magazi asiye, wovulalayo akukuwa. Akatero amalemba nthawi pa lambayo kuti akuchipatala akadziwe kuti mwendowo wakhala womanga kwa nthawi yaitali bwanji. Kenako machira, ndipo munthu wokomoka amalemera ngati mwala.

Chowawa kwambiri ndi kusankha. Ovulala akagona asanu, manja ali awiri, sayambira amene akulira mokweza, chifukwa wolirayo ndiye kuti akupuma. Amathamangira amene wangoti zii. Nthawi zina wosiyidwayo amakhala mnzake wodya naye mbale imodzi.

Malamulo omuteteza alipo. Pangano la ku Geneva la 1949 limaletsa kuwombera ovala chizindikiro cha mtanda wofiira, limawalola kunyamula mfuti yaing'ono yodzitetezera okha ndi odwala awo, komanso limawalamula kuthandiza mdani wovulala chimodzimodzi ndi wawo. Koma bomba siliwerenga pangano.

Ndawerenganso ena pano akuseka kuti wa zachipatalayo ndi namwino chabe, osati msilikali. Akafufuze za Desmond Doss, msilikali wa zachipatala wa ku America. Anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikhulupiriro chake, anzake n'kumamunyoza, koma pa nkhondo ya pa chilumba cha Okinawa ku Japan mu 1945 anapulumutsa anthu pafupifupi 75, kuwatsitsa mmodzimmodzi pa phompho ndi chingwe. Pulezidenti Truman anamuveka mendulo yapamwamba kuposa zonse m'gulu la nkhondo la dzikolo.

Mwanayo akadzabwera ku tchuthi n'kumangokhala duu, kapena kudzidzimuka usiku, musamuumirize kufotokoza zomwe anaona. Mukhale naye pafupi, ndipo zikapitirira milungu ingapo mumulimbikitse kukaonana ndi alangizi a maganizo a kuntchito kwakeko.