Mwininyumba akufuna kundikhomera loko ku Joni

Funso: Akonzi, ndimachita lendi chipinda ku Johannesburg. Ntchito inatha, ndiye papita miyezi iwiri osalipira. Mwininyumba wadula magetsi, ndipo akuti Lachisanu asintha loko n'kutulutsa katundu wanga panja. Kodi ali nazo mphamvu zimenezi? Wowerenga wanu, Johannesburg.

Yankho: Alibe. Ngongoleyo muyenera kubweza ndithu, koma gawo 26(3) la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Likuti munthu aliyense, osati nzika zokha, choncho asakuopsezeni ndi nkhani yoti ndinu mlendo.

Njira yake imayenda chonchi. Mwininyumba amayamba wakulemberani kalata yokuuzani kuti mulipire. Ngati munasainirana pangano la nthawi yoikika, monga chaka, amakupatsani masiku 20 ogwira ntchito. Mukalephera, amathetsa panganolo n'kukasuma kukhoti motsatira lamulo la PIE la 1998, loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo. Inu ndi khonsolo ya mzinda muyenera kulandira chidziwitso kutatsala masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Woweruza amaona ngati m'nyumbamo muli ana, okalamba, olumala kapena mayi wolera yekha banja, kenako amaika tsiku lotuluka. Wokutulutsani ndi sheriff, mtumiki wa khoti, atanyamula chigamulocho, osati mwininyumba ndi anyamata ake.

Apa ndi pamene abale athu ambiri amagwa: akalandira mapepala a khoti amawapinda n'kuika pansi pa matilesi chifukwa cha mantha. Mukapanda kupita, mlandu umagamulidwa inu kulibe, ndipo za ana anu, ngati muli nawo, palibe amene azinene. Pitani. Ngati mulibe ndalama za loya, kafunseni ku Legal Aid South Africa.

Za magetsi ndi loko, kadandauleni ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bwalo lomva madandaulo a za lendi, salipiritsa. Mwininyumba akakutsekerani kunja, khoti la majisitireti likhoza kulamula mwachangu kuti akutsegulireni. Jambulani lokoyo ndi mita ya magetsi pa foni tsiku lomwelo.

Pakadali pano mulembereni mwininyumba pa WhatsApp kuti mudzalipira zingati komanso liti, ngakhale pang'onopang'ono. Ndalama iliyonse muzitumiza kudzera ku banki, kapena azikulemberani risiti ya tsiku ndi mwezi umene mwalipira. Ya pamanja yopanda risiti amaikana pamaso pa woweruza.