Kodi pulogalamu imasamuka? Mayankho kwa olemba za makompyuta

Aphunzitsi, ndikulemba nkhani ya Pidgin, pulogalamu yotumizirana mauthenga pakompyuta. Inayambira pa sisitemu ya Linux kenako anthu anaigwirira ntchito mpaka inayamba kuyenda pa sisitemu ya Windows. Akatswiri amati porting. Ndilembe kuti "anaisamutsa"?

Mukalemba choncho anthu akumvani, achimwene, koma amva zoposa zimene mukufuna kunena. Banja likasamuka ku Ndirande kupita ku Chilomoni, ku Ndirande kuja kumatsala nyumba yopanda anthu. Pidgin sinachoke pa Linux. Mark Spencer anaiyamba mu 1998 ikutchedwa Gaim, kuti ogwiritsa ntchito Linux azitha kucheza ndi anzawo a pa AOL Instant Messenger, njira yotumizirana mauthenga ya kampani ya AOL, ndipo itafika pa Windows inapitirizabe kuyenda komwe inabadwira. Dzina la Pidgin linabwera mu 2007 pambuyo pa mkangano wa dzina ndi kampani ya AOL.

Tsono onani ntchito imene amisiriwo amagwira. Sanyamula kanthu. Amatsegula khodi, malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu, n'kufufuza paliponse pamene pulogalamuyo imadalira makhalidwe a operating system (sisitemu yoyendetsa kompyuta yonse) yake yoyamba: momwe imapezera mafayilo, pakuti Windows imatchula madisiki ndi zilembo monga C: pamene Linux ilibe zimenezo, momwe imalizira kabelu uthenga ukalowa, momwe imaikira kachizindikiro kake pakona ya sikirini, momwe imalumikizira tizigawo towonjezera, timene pa Windows mayina ake amathera ndi .dll koma pa Linux ndi .so. Malo oterowo ndiwo amalembedwanso. Mawindo ndi mabatani a Pidgin anamangidwa ndi GTK, chida chopangira maonekedwe a mapulogalamu, choncho ya pa Windows inayenera kubwera ndi GTK yakeyake.

Ine ndingalembe motere: "Anaikonza kuti izigwiranso ntchito pa Windows." Chiganizochi n'chachitaliko, koma kamphatikira -nso kakunyamula nkhani yonse, kuti kwakale kuja ikugwirabe. Nako kamphatikira -zi- kakusonyeza kuti si zogwira tsiku limodzi. Mukafuna chachifupi, "anaisinthira pa Windows" chikhoza kukwana ngati mwafotokoza kale kumayambiriro. Ena amakonda "kuwokera", ndipo likukoma m'khutu chifukwa mbande imafunikadi kuzolowera nthaka yatsopano, kungoti owerenga ambiri aganiza za munda wafodya asanaganize za kompyuta.

Mawu amene ndikukuletsani kwenikweni ndi "kumasulira". Kumasulira pulogalamu ndi ntchito ina, yotembenuza mawu a pamabatani kuti akhale m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Pamenepo khodi yoyendetsa zinthu siikhudzidwa.

Chenjeraninso ndi Adium, ya pamakompyuta a Mac. Musalembe kuti ndi Pidgin yokonzedwera Mac. Eni ake anatenga libpurple, chigawo cha Pidgin cholankhula ndi maseva a mauthenga, n'kumangapo nkhope yawoyawo. Apo nenani kuti "anamanga pulogalamu ina pa maziko omwewo".

Nanga ndi "pa Windows", "ku Windows" kapena "mu Windows"? Anzanga muofesi timatsutsana.

Onse atatu ali ndi pake, mayi. Ponena za kumene pulogalamu ikuyendera, pakamwa pa anthu pamatuluka pa: Telegram imayenda pa Windows, pa macOS ndi pa Linux. Ku amabwera pamene pali kupita: "ofesi yathu yachoka pa Windows yapita ku Linux." Mu ndi wa zimene zili m'kati mwa sisitemuyo, monga "vutoli lili mu Windows momwemo, si la Telegram ayi." Polemba, patulani mawuwa ndi dzinalo monga mumachitira ndi "ku Lilongwe". Zoti "paWindows" zimasokoneza maso.

Ndinalemba kuti Telegram Desktop, Telegram ya pakompyuta, ndi "yaulere", mkonzi wanga anafufuta. Analakwa ndani?

Zikutengera chimene munkafuna kunena, koma ndikuganiza kuti mkonziyo anaona patali. Chaulere ndi chimene simulipira. WhatsApp ya pakompyuta ndi yaulere, komabe khodi yake ndi yobisika, ndipo palibe munthu wapadera angaitenge n'kuikonza kuti izigwiranso pa sisitemu imene kampaniyo sinaifune. Telegram Desktop ili pansi pa layisensi ya GPL, yolola aliyense kusintha ndi kugawa khodi, ndipo inamangidwa ndi Qt, chida chonga GTK choyenda pa masisitemu ambiri, n'chifukwa chake anthu ongodzipereka anatha kuifikitsa pa sisitemu ya FreeBSD, ngakhalenso pa Haiku, kasisitemu kamene ogwiritsa ntchito ake ndi ochepa kwambiri. Nkhani yanu ikakhala ya kukonzera pulogalamu sisitemu ina, chofunika si mtengo koma chilolezo.

Ndiye m'malo mwa "yaulere" lembani kuti "khodi yake ndi yoonekera kwa aliyense, ndipo ndi zololedwa kuisintha ndi kuigawa". Mukatero kamodzi, kutsogoloko mukhoza kumangoti "pulogalamu ya khodi yotseguka". Ndamvapo ena akuti "yaufulu". Sindikutsutsa, koma pa lokha liwuli limasiya wowerenga akufunsa kuti ufulu wa yani.

Timati "Pidgin imagwira" kapena "Pidgin amagwira"?

Imagwira. Mayina a mapulogalamu amatsata liwu loti pulogalamu, ngakhale lisanatchulidwe, monga momwe aliyense amanenera kuti "WhatsApp yanga yavuta". Zikachuluka timati mapulogalamu awa, osati mapulogalamu izi. "Amagwira" musungire anthu amene akulemba khodiyo.